Kuchoka pa Thandizo la Boma Kupita pa Ntchito: Chovuta Kwenikweni N'chiyani?

Boma lililonse limene limapereka ndalama zothandizira anthu osauka limadzakumana ndi funso ili: kodi anthu amenewa adzasiya liti kulandira? Limamveka ngati funso lankhanza, koma olandirawo nawonso amadzifunsa zomwezo. Ndalama zathandizo zimakhala zochepa pafupifupi kulikonse, zimabwera ndi mafomu, mizere ndi mafunso ofufuza za m'nyumba mwa munthu, ndipo ndi ochepa amene amafuna kukalamba akuwerengera tsiku lolandira. Zoti ntchito yokhazikika imaposa thandizo palibe akutsutsa. Mkangano uli pa njira yofikira kumeneko, ndipo kwa zaka zoposa 30 mayiko akhala akuyesa njira zosiyanasiyana, zina mwa izo n'kuzipima mosamala ndithu. Zimene zapezeka zikuloza kumodzi: kupezera munthu ntchito ndiye mbali yopepuka. Chovuta n'chakuti akhalitsepo, ndiponso kuti ntchitoyo imusiye ali bwino kuposa mmene analili akulandira thandizo.

Poti anthu amathamangira kunena za ulesi, tiyambire pomwepo. Mu 2017 akatswiri a zachuma Abhijit Banerjee, Rema Hanna, Gabriel Kreindler ndi Benjamin Olken anaunikanso zotsatira za mapulogalamu 7 opereka ndalama kwa osauka m'mayiko 6, kuphatikizapo Mexico, Morocco, Indonesia ndi Philippines. Sanapeze umboni woti olandira ndalamazo anachepetsa kugwira ntchito. Izi sizikutanthauza kuti thandizo silingafooketse munthu. Lingathe, koma kawirikawiri chimene chimafooketsa ndi malamulo a mmene thandizolo limachotsedwera munthu akayamba kulandira malipiro, ndipo imeneyo ndi nkhani ya masamu imene tifikepo kutsogoloku.

Ntchito kaye kapena maphunziro kaye?

Dziko limene linakankhira anthu ku ntchito mwamphamvu kwambiri ndi America. Mu Ogasiti 1996 Pulezidenti Bill Clinton anasainira lamulo lothetsa pulogalamu yakale ya AFDC yopereka ndalama kwa mabanja osauka okhala ndi ana, imene mizu yake inali mu 1935, n'kuikapo ina yotchedwa TANF. Kuyambira pamenepo banja silikanalandiranso ndalama za boma lalikulu kupitirira miyezi 60 pa moyo wonse wa kholo, ndipo wolandira ankayenera kukhala akugwira ntchito kapena kuisaka. Ambiri mwa olandirawo anali amayi olera okha ana. Pofika 2000 chiwerengero chawo chinali chitatsika ndi theka n'kupitirira, ndipo amayi ochuluka anali atalowadi ntchito. Ochemerera lamuloli anati umboni ndi umenewo. Koma m'zaka zomwezo chuma cha dzikolo chinkayenda bwino kwambiri, makampani ankasowa antchito, komanso mu 1993 boma linali litakulitsa pulogalamu ya EITC, imene imawonjezera ndalama kwa ogwira ntchito amalipiro ochepa kudzera m'misonkho. Mpaka lero akatswiri amasiyana pa zoti chinathandiza kwambiri n'chiti. Chosatsutsika n'chakuti mu 1996 mabanja 68 pa mabanja 100 aliwonse osauka okhala ndi ana ankalandira thandizoli, ndipo pofika 2020 anali 21 okha. Ndalama zimene boma lalikulu limagawira zigawo, pafupifupi madola 16.5 biliyoni pa chaka, sizinakwezedwepo. Dzina likachoka m'kaundula, si kuti mwini wake wapeza ntchito.

Maganizo akuti "ntchito kaye" anachokera kwina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chigawo cha California chinali ndi pulogalamu yotchedwa GAIN yothandiza olandira thandizo kupeza ntchito, ndipo bungwe lofufuza la MDRC linaipima m'madera 6 mwa njira ya maere: anthu ofanana ankagawidwa m'magulu awiri, lina n'kulowa m'pulogalamu, lina ayi, kenako n'kuyerekezera malipiro awo patapita zaka. Ku Riverside uthenga unali umodzi, woti pezani ntchito iliyonse msanga. Ku Alameda ndi ku Los Angeles ankayamba ndi kubweza anthu m'kalasi kuti akanole kuwerenga, masamu ndi Chingerezi. M'zaka zoyambirira Riverside inapambana moonekeratu, ndipo mbiri yake inafika mpaka kwa opanga malamulo. Mu 2006 akatswiri atatu, Joseph Hotz, Guido Imbens ndi Jacob Klerman, anatulutsa zotsatira za anthu omwewo atawatsatira kwa zaka 9. Phindu la njira ya Riverside linkachepa chaka ndi chaka, pamene la njira ya maphunziro linkakwera pang'onopang'ono mpaka kuipeza inzakeyo. Kuthamanga sikufika.

Pa mapulogalamu 11 amene MDRC inapima m'zaka za m'ma 1990, imene inachita bwino koposa inali ya mumzinda wa Portland ku Oregon, ndipo iyo sinasankhe mbali. Amene anali okonzeka ankapita kukasaka ntchito nthawi yomweyo, amene ankaperewera ankapatsidwa maphunziro afupiafupi, koma onse ankalangizidwa kuti asadumphire ntchito yoyamba imene yapezeka. Adikire yolipirako kuposa malipiro otsikitsitsa a lamulo, yokhala ndi mwayi wokwera. Pa zaka zisanu, malipiro awo anaposa a gulu lofananizira ndi pafupifupi 25 pa 100.

Komabe tisaganize kuti maphunziro a luso ndi mankhwala ochiza zonse. David McKenzie wa ku World Bank anasonkhanitsa mu 2017 zotsatira za maphunziro a ntchito zamanja m'mayiko amene akutukuka kumene, ndipo zinali zokhumudwitsa: pa anthu 100 opatsidwa mwayi wophunzira, osakwana atatu ndi amene ankapeza ntchito imene sakanaipeza popanda maphunzirowo, chonsecho munthu mmodzi ankadya madola 1,000 mpaka 2,000. Zifukwa zake sizovuta kuziona. Sukulu imaphunzitsa luso limene ili nalo aphunzitsi ndi makina, kaya msika ukulifuna kapena ayi. Anthu 200 a dera limodzi akaphunzira luso limodzimodzi amakalimbirana makasitomala omwewo. Ena amasiyira panjira chifukwa miyezi isanu ndi umodzi ya m'kalasi ndi miyezi isanu ndi umodzi yopanda ganyu, ndipo ana sadya satifiketi yam'tsogolo. Palinso nkhani ya nthawi yopimira. David Card, Jochen Kluve ndi Andrea Weber, ataunika kafukufuku woposa 200, anapeza kuti maphunziro amaoneka ngati opanda phindu m'chaka choyamba, poti munthu ali m'kalasi sakusaka ntchito, koma zipatso zimayamba kuoneka pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Nduna yofuna zotsatira chisankho chisanafike imasankha njira ya Riverside nthawi zonse.

Maphunziro amene amapinduladi amayambira kwa olemba ntchito. Chitsanzo chodziwika ndi Project QUEST ya mumzinda wa San Antonio ku Texas, imene inayamba mu 1992 fakitale ya zovala itatsekedwa n'kusiya anthu ambiri padzuwa. Oyambitsa anapita kukafunsa zipatala ndi makampani kuti ndi malo ati amene akusowa anthu, kenako n'kulipirira anthu osauka maphunziro a malo omwewo, makamaka unamwino ndi ntchito zina zachipatala. Sanalekere pa fizi. Ankathandiza pa ndalama yoyendera, pa mabuku, nthawi zina pa lendi, ndipo ophunzira ankakumana ndi mlangizi sabata iliyonse. Atapima mwa maere, anapeza kuti m'chaka cha 9 amene analowa m'pulogalamuyi ankalandira madola oposa 5,000 pa chaka kuposa anzawo. Ndi zotsatira zosowa kuziona. Koma pali chimene otamanda pulogalamuyi sakonda kuchitchula: QUEST inkasankha anthu amene anamaliza kale sekondale ndipo akhoza mayeso olowera. Amene sadziwa kuwerenga bwino, amene ali ndi matenda a maganizo, amene alibe pogona pokhazikika, ankatsalira pakhomo.

Chinthu china chooneka chaching'ono ndi pepala. Ku Uganda ofufuza anayerekezera achinyamata amene anaphunzira luso ku sukulu kwa miyezi 6 ndi ena amene anaphunzira pogwira ntchito kwa mmisiri. Magulu onse awiri anadziwadi ntchito. Koma patapita zaka, a kusukulu ndi amene ankapeza msanga ntchito ina akachotsedwa, chifukwa anali ndi satifiketi imene bwana wosawadziwa akanaikhulupirira. Ku Addis Ababa achinyamata ena anapatsidwa ndalama yoyendera kuti azikasaka ntchito m'katikati mwa mzinda, ena anaphunzitsidwa kulemba kalata yofunsira ntchito ndi kuyankha pa intavyu n'kupatsidwa pepala losonyeza zimene akhoza pa mayeso a luso. Patapita zaka zinayi phindu la ndalama yoyendera linali litazilala, koma a pepala aja ankalandirabe malipiro okwererapo. Munthu wosauka nthawi zambiri amakhala kuti luso ali nalo, chimene alibe ndi womuchitira umboni.

Zolinga ndi mlangizi

Mawu akuti "kuika zolinga" amatopetsa, chifukwa amamveka ngati a m'misonkhano ya m'mahotela. Koma kuseri kwake kuli nkhani yeniyeni. Mu 2013 Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao anayesa alimi a nzimbe ku Tamil Nadu, ku India, asanakolole, ali m'ngongole, ndiponso atakolola, ndalama zili m'thumba. Anthu omwewo ankakhoza bwino mayeso a kuganiza atakolola. Ofufuza ena atayesa zofanana kwina sanapeze kusiyana kotero nthawi zonse, koma mfundo yake aliyense amene anasowapo amaidziwa: mutu umene ukuwerengera za lendi ya mawa sukhala ndi malo okonzera za chaka chamawa. Munthu wotereyo ukamupatsa mafomu anayi, masiku atatu okumana ndi maofesi osiyana, ndi chilango akaphonya limodzi, usadabwe akalephera.

Mabungwe ena anasintha kagwiridwe ka ntchito chifukwa cha zimenezi. La EMPath la mumzinda wa Boston limagawa moyo wa munthu m'mbali zisanu: kukhazikika kwa banja, thanzi, kasamalidwe ka ndalama, maphunziro, ndi ntchito. Mwini wake ndiye amasankha poyambira, mlangizi amangothandiza kuduladula cholingacho mpaka chifike pa chinthu choti n'kuchitika sabata ino. Taganizirani mayi wa ana awiri amene wauza mlangizi kuti akufuna kudzakhala nesi. Mlangizi wongofuna kudzaza fomu amalemba "unamwino" n'kumupatsa tsiku lobweranso. Wodziwa ntchito yake amafunsa zina.

"Mayi, makalasi amayamba 8 koloko. Wamng'onoyu azikhala ndi ndani?"

"Achemwali anga."

"Nanga tsiku limene achemwaliwo adwala, mudzaimbira ndani? Satifiketi yanu ya sekondale muli nayo m'manja, kapena tiyambe taitanitsa ina? Ngongole ija mwanena, amabwera kudzatenga tsiku lanji pa mwezi?"

Pofika kumapeto kwa ola, unamwino uja wasanduka zinthu zitatu: kuitanitsa satifiketi pofika Lachisanu, kupeza munthu wachiwiri wosiyira mwana, ndi kukakambirana ndi wangongole kuti azitenga pang'onopang'ono. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene ndi "luso la ntchito", koma chilichonse mwa izo chikhoza kugwetsa maphunziro onse.

Ngakhale dongosolo lapapepala chabe limathandiza. Ku South Africa achinyamata osowa ntchito pafupifupi 1,100 anachita nawo kafukufuku amene ena anapemphedwa kulemba mwatsatanetsatane kuti adzasaka ntchito tsiku liti, ola lanji, kuti, ndipo adzatumiza makalata angati. Sanawonjezere maola osakira ntchito, koma anatumiza makalata ochulukirapo ndi 15 pa 100, ndipo oitanidwa kukayamba ntchito anachuluka ndi 30 pa 100. Kwa ine chosangalatsa pamenepa n'chakuti chinasintha si khama lawo, poti khama anali nalo kale. Chinasintha ndi kumene khamalo linkapita.

Vuto la ulangizi ndi mtengo wake. Mlangizi amene ali ndi anthu 30 akhoza kudziwa dzina la mwana wa aliyense. Amene ali ndi anthu 200 amangokhala wolondera malamulo, woona ngati munthu wabwera ndiponso wasaina. Zimaipiraipira ngati munthu yemweyo amene akuti ndi mlangizi ndiyenso ali ndi mphamvu yodula thandizo. Ndani angaulule kuti amamwa mwauchidakwa, kapena kuti amuna ake amamumenya, kwa munthu amene akhoza kumulanda ndalama za mwezi uno? Germany inalimbana ndi nkhani imeneyi kwa zaka zambiri. Malamulo a thandizo la osowa ntchito otchedwa Hartz IV, amene anayamba mu Januwale 2005, anamangidwa pa mfundo ya kuthandiza ndi kulamula nthawi imodzi, ndipo wokana ntchito ankatha kudulidwa thandizo lonse. Mu Novembala 2019 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula kuti kudula kopitirira 30 pa 100 n'kosemphana ndi malamulowo. Mu 2023 thandizoli linasinthidwa n'kutchedwa Bürgergeld, ndipo lamulo lokakamiza kuti munthu atumizidwe ku ntchito iliyonse maphunziro asanaganiziridwe linachotsedwa, ngakhale mkangano wake sunathe. Kafukufuku wa m'mayiko angapo a ku Ulaya amasonyeza kuti zilango zimachotsadi anthu pa thandizo mwachangu, koma ambiri amagwera m'ntchito zamalipiro otsika zosakhalitsa, ndipo ena amangosowa osadziwika kumene apita.

Britain inayesa njira ina mu 2011 ndi pulogalamu ya Work Programme: kupereka ntchito yothandiza anthu kwa makampani ndi mabungwe, n'kumawalipira malinga ndi anthu amene alowa ntchito n'kukhalitsa. Pa pepala zinali zanzeru. Koma kampani yofuna phindu inaona msanga kuti mphamvu zake zipite kwa amene akanapeza ntchito ngakhale popanda thandizo, ndipo olumala ndi odwala ambiri ankangoitanidwa mwa apo ndi apo kuti dzina lisafufutidwe.

Mwezi woyamba wa ntchito

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndipo ndi pamene mapulogalamu ambiri amakhala atatsanzika kale. Munthu wayamba ntchito pa 1, malipiro adzabwera pa 30. Pakati pamenepa akufunika ndalama yoyendera tsiku lililonse, nsapato zoyenera, womusungira mwana, ndi chakudya cha masana. Ganyu amene ankapeza apa ndi apo wasiya. Ngati ofesi ya thandizo yamudula tsiku limene wanena kuti walembedwa ntchito, ndiye kuti mwezi woyamba wa ntchito ndi mwezi umene wasaukitsitsa kuposa yonse. Amakongola kwa katapila, malipiro oyamba amathera kubweza, mwana akadwala sabata yachitatu amajomba masiku awiri, ndipo bwana amene sanamudziwe bwino amangoti asabwerenso. M'kaundula wa pulogalamu munthu ameneyu analembedwa kale kuti "anapeza ntchito".

Kenako pamabwera masamu aja. Mapulogalamu ena ali ndi malire okhwima: malipiro akadutsa mzere ndi ndalama yochepa chabe, banja limataya thandizo lonse la kusungitsa ana kapena la chipatala. Zikatero munthu akhoza kukana kukwezedwa pa ntchito, kapena kukana maola owonjezera, chifukwa kuvomera ndi kudzisaukitsa. Umenewo si ulesi, ndi kuwerengera bwino. Britain inayesa kuthana ndi vutoli ndi Universal Credit, imene inayamba mu 2013 pophatikiza mitundu 6 ya thandizo kukhala umodzi umene umatsika pang'onopang'ono malipiro akamakwera. Poyamba paundi iliyonse imene munthu wapeza inkatsitsa thandizo ndi mapeni 65, kenako 63, ndipo kuchokera kumapeto kwa 2021 ndi 55. Choncho wopeza mapaundi 100 owonjezera atachotsa msonkho amatsala ndi 45. N'zochepa, koma saluza. Chimene chinadandaulitsa anthu kwambiri pa pulogalamuyi ndi masabata asanu odikira ndalama zoyamba.

Canada inayesa kulipira anthu chifukwa chogwira ntchito. Kuyambira 1992, m'zigawo za British Columbia ndi New Brunswick, makolo olera okha ana amene anakhala pa thandizo kwa chaka kapena kuposa anauzidwa kuti akapeza ntchito ya maola 30 pa sabata chaka chisanathe, boma liziwawonjezera ndalama pa malipiro kwa zaka zitatu. Pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anakwanitsa. Pa nthawi imene pulogalamuyi inafika pachimake, ogwira ntchito ya tsiku lonse anali owirikiza kawiri poyerekeza ndi gulu lofananizira, ndipo umphawi unatsika. Ndalama zowonjezerazo zitatha, kusiyanako kunatha nakonso. Okonza pulogalamuyi ankayembekezera kuti m'zaka zitatuzo malipiro a anthuwo akwera mpaka sadzafunanso kuwonjezeredwa, koma ntchito zimene anapeza zinali za mtundu umene malipiro sakwera ngakhale ukhalepo zaka zingati.

Amene anaphunzira msanga kufunika kokhalabe ndi munthu atalembedwa ntchito ndi othandiza odwala matenda a maganizo. Njira yotchedwa IPS, imene Deborah Becker ndi Robert Drake anaikonza ku New Hampshire ku America m'zaka za m'ma 1990, inatembenuza dongosolo lakale. M'malo mosunga munthu m'makalasi okonzekera kwa zaka, amamufunsa ntchito imene akufuna, amamuthandiza kuipeza m'masabata ochepa, kenako mlangizi amakhalabe naye, kulankhula ndi bwana pakabuka vuto, popanda tsiku loti thandizo lithere. M'kafukufuku wambiri wa m'mayiko osiyanasiyana, amene anathandizidwa motere ankapeza ntchito mowirikiza pafupifupi kawiri kuposa amene anatsata njira yakale. Zimaoneka ngati zikutsutsana ndi zimene zinapezeka ku Riverside, koma sizikutsutsana. Onse awiri amafulumira kulowetsa munthu ntchito. Kusiyana n'kwakuti Riverside inkatsanzika pakhomo la fakitale pamene IPS imalowa naye.

Nanga kumene ntchito kulibe?

Zonse zimene tanenazi zikudalira kuti pali olemba ntchito amene akufuna anthu. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, limati pafupifupi anthu 6 pa 10 aliwonse ogwira ntchito padziko lapansi ali m'ntchito zosalembetsedwa, zopanda kontrakiti kapena penshoni. Ngakhale m'mayiko olemera malo amakhala owerengeka. Ku France, Bruno Crépon, Esther Duflo ndi anzawo anapima pulogalamu yothandiza achinyamata ophunzira kupeza ntchito, ndipo mu 2013 analengeza kuti othandizidwawo ankapezadi ntchito msanga, koma mbali yaikulu ya malowo inkalandidwa kwa achinyamata anzawo osathandizidwa, makamaka m'madera amene ntchito zinali zosowa. Pulogalamu inasintha amene ali kutsogolo kwa mzere, mzerewo osafupika.

Ndipo si ntchito yolembedwa iliyonse imene ili yabwino kuposa kudzigwirira. Christopher Blattman ndi Stefan Dercon anatsatira anthu pafupifupi 1,000 ofunsira ntchito m'makampani asanu ku Ethiopia. Mwa amene analembedwa, mmodzi mwa atatu anasiya mwezi woyamba, ndipo 77 pa 100 anali atachoka chaka chisanathe. Malipiro sankaposa zimene ankapeza m'timabizinesi ndi maganyu, maola anali ambiri, ndipo odandaula za matenda aakulu anachuluka. Ku Uganda, magulu a achinyamata amene boma linawapatsa mpamba wa madola pafupifupi 400 munthu aliyense kuti aphunzire luso ndi kugula zida ankapeza ndalama zochulukirapo ndi 38 pa 100 patapita zaka zinayi. Patapita zaka 9 anzawo osapatsidwa aja anali atawapeza, ngakhale kuti opatsidwawo anatsala ndi katundu wambiri ndiponso ambiri anali amisiri. Mpamba unawafulumizitsa ulendo, sunawasinthire kofikira.

Kwa osaukitsitsa, njira imene yapimidwa kwambiri ndi imene bungwe la BRAC linayambitsa ku Bangladesh mu 2002, litaona kuti ngongole zing'onozing'ono sizinkawafika anthu amenewa. Banja limapatsidwa chinthu chopangira ndalama, kawirikawiri ziweto kapena katundu woyambira kabizinesi, limaphunzitsidwa kasamalidwe kake, limalandira ndalama kapena chakudya kwa miyezi ingapo kuti njala isalikakamize kugulitsa chiwetocho, limalimbikitsidwa kusunga ndalama, ndipo mlangizi amafika pakhomo pafupipafupi kwa zaka ziwiri. Mu 2015 magazini ya sayansi ya Science inafalitsa zotsatira za kuyesa njirayi ku Ethiopia, Ghana, Honduras, India, Pakistan ndi Peru pa mabanja oposa 10,000. Chaka chathunthu pulogalamu itatha, mabanjawo ankadyabe bwino, anali ndi katundu ndi ndalama zosunga zochulukirapo. Ku Honduras kokha ndi kumene zinakanika, chifukwa nkhuku zambiri zimene anagawa zinafa ndi matenda, zomwe zikutikumbutsa kuti pulogalamu yonse ikhoza kugwa chifukwa cha chosankha chimodzi cha mu ofesi.

Ku West Bengal, ku India, ofufuza anabwererako patapita zaka 10 ndipo anapeza kuti mabanja aja anali akadali patsogolo. Chodabwitsa chinali gwero la ndalama zawo. Si ziweto zimene zinkawasunga. M'kupita kwa zaka mabanjawo anayamba timabizinesi tina, kenako ena a m'banjamo anayamba kupita kumizinda yakutali kukagwira ntchito zolipidwa bwino, ulendo umene banja lopanda kalikonse silingauyerekeze chifukwa ukalephereka palibe pogwera. Ntchito yamalipiro inabwera ndithu, koma mozungulira, patapita zaka kuchokera pamene pulogalamu inatseka mabuku.

Njirayi ndi yodula, ndipo mbali yodula kwambiri ndi malipiro ndi maulendo a alangizi. Maboma akafuna kuifikitsa kwa anthu ambiri, chiyeso chimakhala chochotsa mlangizi n'kungogawa katundu, poti katundu amaoneka pa chithunzi ndipo amawerengeka. Ku Ghana ofufuza anayesa zimenezo mwadala: mabanja ena analandira pulogalamu yonse, ena mbuzi zokha, ena mwayi wosunga ndalama wokha. Patapita zaka, a mbuzi zokha anali ndi mbuzi zambiri kuposa anzawo osalandira kanthu, koma ndalama zolowa m'nyumba sizinakwere ngati za amene ankayenderedwa ndi mlangizi.